Robert Peary ndi Zitsulo Zitatu za ku Greenland

M'chaka cha 1988 ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, kunagwa chitsulo kuchokera kumwamba. Sichinali chachikulu, pakuti pa sikelo chinalemera makilogalamu 3.92 okha, kotero kuti mwana wa sukulu akanatha kuchinyamula. Miyala ina inagwapo kale m'dziko muno, monga wa ku Zomba mu 1899 ndi wa ku Machinga mu 1981 umene unapitirira makilogalamu 90, koma imeneyo inali miyala wamba pamene cha ku Chisenga chinali chitsulo chenicheni. M'kaundula wa miyala yogwa kumwamba, imene akatswiri amaitcha meteorite, dzina la Chisenga linalembedwa m'gulu lotchedwa IIIAB, ndipo m'gulu lomwelo muli zitsulo zina zazikulu zedi zimene zinagwa kalekale kumpoto kwa Greenland, chilumba cha madzi oundana. Akatswiri amakhulupirira kuti zitsulo za m'gulu limeneli zinachokera m'kati mwa kadziko kamodzi kamene kanasweka mlengalenga, chotero kachitsulo ka ku Chisenga ndi zimphona za ku Greenland ndi ana a bere limodzi.

Zimphonazo sizilinso kumene zinagwera. Munthu amene anachotsako zitatu mwa izo ndi Robert Edwin Peary wa ku America, yemwe mabuku ambiri a sukulu anamutchula kuti ndiye woyamba kufika pa North Pole, pa nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi. Za ulendo umenewo anthu akukanganabe kufikira lero. Koma za zitsulo palibe mkangano, popeza zilipo ndipo munthu angathe kuzikhudza. Ndipo amene afuna kudziwa kuti Peary anali munthu wotani adzamudziwa bwino poona mmene anazipezera ndi mmene anazitengera.

Peary anabadwa pa 6 Meyi 1856 ku Cresson, m'chigawo cha Pennsylvania. Atate ake anamwalira iye akali wamng'ono, ndipo amake anapita naye kwao ku Maine, kumene anamulera yekha ngati dzira. Anaphunzira za uinjiniya pa koleji ya Bowdoin natsiriza mu 1877, ndipo mu 1881 analowa ntchito ya Boma monga injiniya wa asilikali a pamadzi. Boma linamutuma kawiri ku Nicaragua kukayeza njira ya ngalande imene ankaganiza zokumba kuti ilumikize nyanja ziwiri zamchere. Ntchito inali yabwino ndi yolemekezeka, koma mtima wake sunali pamenepo. Makalata amene ankalembera amake amasonyeza munthu wa ludzu lalikulu la kutchuka, wosafuna kufa monga injiniya wamba wosadziwika.

Mu 1886 anapempha tchuthi napita ku Greenland koyamba, nayenda pamwamba pa madzi oundana mtunda wa makilomita ngati 160 asanabwerere. Chaka chotsatira anakumana ndi mnyamata wakuda wotchedwa Matthew Henson, amene ankagulitsa m'sitolo ku Washington, namulemba ntchito. Henson ameneyu anayenda naye zaka zoposa 20, ndipo ndiye anaphunzira bwino chilankhulo cha eni dziko la kumpotoko, pamene Peary sanachidziwe kwenikweni. Mu 1888 Peary anakwatira Josephine Diebitsch, mkazi wolimba mtima amene anamutsata mpaka ku dziko lozizira lija, nabereka mwana wamkazi komweko mu 1893. Mwanayo anamutcha Marie Ahnighito.

Anthu a chitsulo chopanda ng'anjo

Kumpoto chakumadzulo kwa Greenland kumakhala anthu a mtundu wa Inughuit, amene Azungu a masiku amenewo ankawatcha Eskimo. Nthawi ya Peary anali mazana awiri kapena atatu okha. Peary anaona msanga chimene Azungu ambiri amene anafa ndi chisanu iye asanafike sanafune kuona: kuti wofuna kukhala ndi moyo kumeneko ayenera kuvala zikopa monga eni dziko, kugona m'nyumba za chipale monga iwo, ndi kuyenda pa zileyi zokokedwa ndi agalu. Ndi nzeru zobwereka zimenezi, mu 1892 anadutsa kumpoto kwa Greenland kupita ndi kubwerera, ulendo wa makilomita ngati 2,000, ndipo dzina lake linamveka ku America konse.

Mphunzitsi wofuna kufotokozera ana chifukwa chake zitsulo zija zinali za mtengo wapatali kwa anthu amenewa ayenera kuyambira pa ng'anjo. Makolo a kumpoto kwa dziko lino, monga Aphoka a m'mapiri a Nyika, ankakumba miyala ya chitsulo, naotcha makala, nasungunula miyalayo m'ng'anjo zadothi, ndipo osula ankakhala pa chipala ndi mvukuto kupanga makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ntchito yonseyi imadya nkhuni. Tsono kwa a Inughuit kulibe nkhalango, kulibe mtengo woti munthu n'kuotcha makala. Moto wao unali kanyali ka mafuta a nyama za m'nyanja. Sakanatha kusungunula chitsulo ngakhale akanadziwa njira yake. Koma kumwamba kunawaponyera chitsulo choyengeka kale. Ankayenda ulendo wautali atanyamula miyala yolimba yosulira, nafika pa chitsulocho, namenya m'mphepete mwake masiku ambiri kufikira tabenthuka tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo. Tizidutswato ankatisula tili tozizira mpaka taphwatalala, natindandalika mu mpata wa fupa kapena mnyanga, ndipo umenewo ndiwo unali mpeni. Tina ankatiika kunsonga ya mikondo yolasira nyama za m'nyanja. Mibadwo inachita zimenezi motsatizana, kotero kuti pozungulira chitsulo chimodzi panaunjikana mulu wa miyala yosulira zikwi zambiri, ndipo zida za chitsulo chomwechi zapezeka kutali m'zilumba za kumpoto kwa Canada, kumene zinafika mwa malonda.

Zitsulo zitatu anazipatsa maina. China anachitcha Mkazi, chaching'ono chimene chinali pafupi nacho anachitcha Galu, ndipo chachikulu koposa, chimene chinali pa kachilumba kapadera, anachitcha Hema.

Azungu anamva za izo koyamba mu 1818, pamene John Ross wa ku Britain anafika kumeneko ndi sitima nadabwa kuona anthu opanda ng'anjo ali ndi mipeni yachitsulo. Eni dziko anamuuza kuti amachitenga pa phiri la chitsulo, koma nyengo inamuletsa kupitako. Mipeni imene anapita nayo kwao itayesedwa inapezeka kuti ili ndi nikelo, chizindikiro cha chitsulo chogwa kumwamba. Kuyambira pamenepo maulendo angapo anapita kukafuna phirilo, koma onse anabwerera chimanjamanja. Munthu wophunzira kwambiri wa ku Sweden, A. E. Nordenskiöld, anapeza zitsulo zazikulu pa chilumba cha Disko mu 1870, ndipo china choposa matani 20 chinatengedwa kupita ku Stockholm iye akukhulupirira kuti n'chochokera kumwamba. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinatuluka pansi pano m'miyala ya chiphalaphala. Kunena zoona, phiri la Ross silinasowe chifukwa cha chipale chokha ayi. Eni ake ankadziwa pamene linali, koma sanaone chifukwa cholozera mlendo nkhokwe yao.

Chilembo cha P

Kumayambiriro kwa 1894 Peary anayesanso kudutsa Greenland, koma mphepo ya mkuntho inamubweza, agalu ake ambiri nafa. Anali ndi ngongole ya mau kwa anthu olemera amene anamupatsa ndalama, ndipo analibe chowaonetsa. Pamenepo anakumbukira phiri la chitsulo. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitasintha pakati pa a Inughuit, pakuti mlendo anali atadza ndi kalumo kakuthwa: mipeni, singano ndi mfuti zinkachokera kwa osaka anamgumi ndi kwa Peary mwini, ndipo ulendo wokabenthula chitsulo unali utayamba kuiwalika. Munthu wina, amene Peary analemba dzina lake kuti Tallakoteah, anavomera kumulondolera atalonjezedwa mfuti. Mu Meyi 1894 anafika pa malopo. Tallakoteah ndiye anadziwa pokumba, pakuti ponse panali poyera ndi chipale, ndipo atafukula anaonetsa mlendo wake msana wofiirira wa Mkazi.

Peary anatenga chida nalemba chilembo cha P pa chitsulocho, monga umboni wakuti iye ndiye wachitulukira. Chilembo chimenechi n'choyenera kuchilingalira, makamaka kwa amene amaphunzitsa mbiri. Chitsulo chinali ndi dzina, chinali ndi njira yopitako, chinali ndi mulu wa miyala ya anthu amene anachisula kwa zaka mazana ambiri, ndipo amene anachifukula tsiku limenelo anali mwini dziko. Komabe m'mabuku munalembedwa kuti chinatulukiridwa mu 1894. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, amene makolo ao ankaphamo nsomba kalekale chaka cha 1859 chisanafike, sadzavutika kumva nkhani yotere.

Pa ntchito yonyamula, Peary ayenera kupatsidwa ulemu wake, pakuti apa uinjiniya wake unaoneka. Mu 1895 anabwera ndi sitima yotchedwa Kite natenga Galu, wa makilogalamu ngati 400, ndi Mkazi, wa matani atatu. Popeza sitima sinathe kufika kugombe, Mkazi anamukweza pa chibenthu chachikulu cha madzi oundana nachiyendetsa ngati bwato, ndipo chibenthucho chinang'aluka ali pafupi kumaliza, kotero kuti chitsulo chinatsala pang'ono kumira. Hema linali nkhani ina. Linkalemera matani 31, ngati matumba 620 a chimanga a makilogalamu 50, koma onsewo ataumbika m'chinthu chimodzi chosagawika, chopanda pogwira. Mu 1896 analifukula ndi majeke amphamvu nalikunkhuniza pang'onopang'ono pa matabwa ndi njanji kufikira kugombe, a Inughuit akugwira ntchito yokumba ndi yokoka. Koma nyanja inayamba kuundana, ndipo anathawa kuopa kuti sitima ingatsekeredwe chaka chathunthu. Mu 1897 anabweranso ndi sitima ya Hope. Anamanga mlatho wa mitengo ikuluikulu ndi njanji kuchokera pa thanthwe kufika pa sitima, nakankha chitsulo ndi majeke pang'onopang'ono, aliyense akudziwa kuti chikaterereka chidzaboola sitima ndi kuimiza. Kamwana kake ka zaka pafupifupi zinayi kanaswera botolo la vinyo pa chitsulocho, ndipo kuyambira tsiku limenelo Hema linataya dzina lake nkutchedwa Ahnighito. Pobwerera kampasi ya sitima inasokonezeka chifukwa cha kuchuluka kwa chitsulo chimene chinali m'mimba mwake.

Katundu wina wa m'sitima

Sitima ya Hope sinanyamule chitsulo chokha. Munalinso anthu asanu ndi mmodzi a Inughuit. Katswiri wina wa pa American Museum of Natural History ku New York, Franz Boas, anali atapempha Peary kuti abwere ndi munthu mmodzi woti amuphunzire chilankhulo ndi miyambo. Peary anabwera ndi asanu ndi mmodzi, pakati pao bambo wotchedwa Qisuk ndi mwana wake Minik, wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Anthu zikwizikwi anakhamukira kudoko kukaona chitsulo ndi alendowo. Atatsika anawagoneka m'chipinda cha pansi pa nyumba ya myuziyamu, ndipo Peary anawasiya m'manja mwa ena napitiriza zake. Matupi ao sanazolowere matenda a m'mizinda. Chifuwa chachikulu chinawagwira, ndipo chisanathe chaka anayi anali atafa. Mmodzi anabwezedwa kwao, Minik natsala yekha, wamasiye m'dziko la eni.

Chimene chinachitika pa maliro a Qisuk n'chovuta kuchilemba. Akuluakulu a myuziyamu anafuna mafupa ake, tsono anakulunga chipika m'nsalu nachiika m'manda mwana akuona, kuti akhulupirire kuti atate ake aikidwa mwa mwambo. Minik anadziwa zoona zake atakula, ndipo anapempha mafupa a atate ake kangapo konse osapatsidwa. Anabwerera ku Greenland mu 1909 ataiwala chilankhulo cha amake, naphunziranso, koma mtima sunakhazikike. Mu 1916 anapitanso ku America, ndipo mu 1918 anafa ndi fuluwenza ija imene inapululanso anthu kuno ku Nyasaland. Mafupa a anthu anayi aja anabwezedwa kwao mu 1993 naikidwa ku Qaanaaq, patapita zaka pafupifupi 100.

Ahnighito anakhala pa doko la asilikali ku Brooklyn kufikira 1904, pamene anakokedwa ndi akavalo ambiri m'misewu ya New York kupita ku myuziyamu. Mu 1909 mkazi wa Peary anagulitsa zitsulo zitatuzo pa mtengo wa madola 40,000, chuma chachikulu masiku amenewo. Peary ankadziteteza ponena kuti eni dziko sankafunanso zitsulozo popeza iye anawapatsa mipeni ndi mfuti zabwino koposa, ndiponso kuti ku myuziyamu zidzapindulitsa ophunzira a dziko lonse. M'mau amenewa muli choona. Ophunzira apindula ndithu: chitsulo chotere akachicheka, nachipukuta, nachithira asidi, pamaoneka mizere yopingasana ngati maluko a lichero, ndipo mizereyo imangobadwa m'chitsulo chimene chinazizira pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni ambiri m'kati mwa kadziko, poiwerenga anthu adziwa zambiri za m'kati mwa dziko lino, mmene palibe angafikemo. Koma kusiya kulima munda sikutanthauza kuti munda ulibe mwini. Ndiponso mipeni ya Peary inali ya kanthawi: inkadza ndi sitima yake, ndipo iye atapeza chimene ankafuna mu 1909 sanabwererenso kumeneko.

Kuti panali njira ina, anthu a ku Chitipa angathe kudzionera okha popanda ulendo wa pa nyanja. Kutsidya kwa malire, m'boma la Mbozi ku Tanzania, dziko la Anyiha amene abale ao ali kwa Kameme, kuli chitsulo chogwa kumwamba cha matani ngati 16, chotalika mamita atatu, chimene eni dziko amachitcha Kimondo. Nachonso chinalembedwa kuti chinatulukiridwa mu 1930, ngakhale anthu a kumeneko ankachidziwa kale. Alendo anachichekako zidutswa, koma sichinachoke. Anangokumba dothi mozungulira, ndipo mu 1967 Boma la Tanzania linachiika m'gulu la zinthu zotetezedwa. Wofuna kuchiona amapita kwa eni ake. Chachikulu koposa zonse pa dziko lapansi, cha ku Hoba ku Namibia, cha matani ngati 60, nachonso chili pamene chinagwera.

Ulendo wotsiriza

Zaka zotsala za Peary zinathera pa North Pole, ndipo zingathe kunenedwa mwachidule. Mu 1899 chisanu chinamudya zala zisanu ndi zitatu za kumapazi, koma sanaleke. Mu 1900 anafika pa nsonga ya kumpoto ya Greenland naitcha Cape Morris Jesup, dzina la munthu wolemera amene ankamuthandiza. Mu 1906 ananena kuti waona dziko latsopano patali nalitcha Crocker Land. Amene anapita kukalifuna mu 1914 anapeza madzi oundana okhaokha. M'zaka zomwezi anabereka ana ndi mkazi wa Inughuit wotchedwa Aleqasina, amene anayamba kukhala naye akali mtsikana wamng'ono, ndipo anawo anawasiya komweko.

Pa 6 Epulo 1909 ananena kuti wafika pa North Pole pamodzi ndi Henson ndi amuna anayi a Inughuit: Ootah, Egingwah, Seegloo ndi Ooqueah. Masiku ochepa m'mbuyo mwake anali atabweza Robert Bartlett, kapitawo wa sitima yake, amene anali katswiri woyeza malo poyang'ana dzuwa ndipo akanatha kumuchitira umboni. Ndipo Bartlett atangobwerera, mitunda imene Peary analemba kuti ankayenda pa tsiku inakula modabwitsa. Atafika kwao anapeza kuti Frederick Cook, amene kale anali dokotala wa ulendo wake, akunena kuti anafikako chaka chimodzi iye asanafike. Mkangano unali woopsa. Cook anagonja, ndipo mu 1911 nyumba ya malamulo ya America inathokoza Peary nimupatsa udindo wa Rear Admiral. Koma kukayika sikunathe, ndipo Wally Herbert wa ku Britain, amene anafika pa North Pole ndi agalu mu 1969, atafufuza buku la ulendo la Peary analemba mu 1989 kuti mkuluyo anaphonya ndi makilomita makumi angapo. Ena akumuikirabe kumbuyo.

Peary anamwalira ku Washington pa 20 Febuluwale 1920 ndi nthenda ya kuchepa kwa magazi, naikidwa ku Arlington, manda a ngwazi za dziko lake. Henson anakhala zaka zambiri monga kalaliki wamba pa ofesi ya kasitomu ku New York, namwalira mu 1955, ndipo mu 1988 mafupa ake anasamutsidwira ku Arlington pafupi ndi a Peary.

Peary sanatenge zonse, pakuti zina sanazidziwe. Chitsulo china cha matani oposa atatu, chotchedwa Savik, eni dziko anachionetsa kwa anthu a ku Denmark mu 1913, ndipo chinapita ku Copenhagen. Mu 1963 Vagn Buchwald, katswiri wa zitsulo wa ku Denmark, anapeza china cha matani 20 chotchedwa Agpalilik, ndipo nachonso chinatsata njira yomweyo. Ahnighito ali ku New York, ndipo ndiye wamkulu koposa miyala yonse yogwa kumwamba yoonetsedwa m'myuziyamu. Mizati yomuchirikiza inatsika kuboola nyumba mpaka pa thanthwe la pansi pa mzinda. Pa kachilumba pamene anachotsedwa pali mudzi waung'ono wa alenje wotchedwa Savissivik, ndipo dzinalo m'chilankhulo chao limatanthauza malo opezako chitsulo.